Mpeni wanga woyamba, ndiuviike mmafuta anji pa quench (kuviika chitsulo chofiira kuti chilimbe)?

Wongoyamba_kusula

Moni nonse akuluakulu. Ndangoyamba kumene zosula mipeni ndiye ndafika poti ndikufuna nzeru zanu ndisanaononge ntchito yomwe ndaivutikira. Ndili ndi mipeni iwiri yomwe ndamaliza kuisema pa galayinda, wina ndadula pa chitsulo cha mtundu wa 1084 chomwe ndinachita kuitanitsa, kukhuthala kwake ndi 3mm, winawo ndasula kuchokera ku sipuling'i yakale ya galimoto, zophwatalala zija. Ndilinso ndi mafayilo akutha angapo omwe ndikuganiza zodzapangira timipeni ting'onoting'ono mtsogolomu. Moto wanga ndi wamakala ndi kafani kouzira mpweya, uvuni yoyeza madigiri ndilibe ayi.

Tsono nkhani yavuta pa mafuta oviikamo. Aliyense amene ndamufunsa akunena zake, wina akuti oyilo wakutha wa injini ndiye bho chifukwa ndi wakuda ndiye amawonjezera kaboni mu chitsulo, wina akuti ayi tenga mafuta ophikira a canola uwatenthetse kaye, wina akuti osataya nthawi gula Parks 50 basi, mafuta opangidwira kuviikamo zitsulo, wina akuti makolo ankangoviika mmadzi zonse zija ndi zachabe. Ine mutu wayima. Chomwe ndikufuna ndi mpeni woti ulimbe ndithu, usamabunthe msanga, komanso usasweke kapena kupindika ndikauviika chifukwa ndaukhalira pansi nthawi yaitali.

Ndiye mafunso anga ndi awa, kodi kwa munthu woyamba ngati ine ndi mafuta ati oyenera, kodi mipeni iwiriyi ingalowe mmafuta amodzi, nanga bwanji amati mafuta atenthetsedwe pomwe cholinga nkuziziritsa chitsulo, izi zokha sindikuzimvetsa olo pang'ono. Komanso akhale ochuluka bwanji, kachitini kamodzi kangakwane? Zikomo pasadakhale.

Chipala_Moto

Takulandirani achimwene, ndipo mwachita bwino kufunsa musanaviike, ambiri amabwera kuno mpeni utathyoka kale. Mwachitanso bwino kutchula zitsulo zanu chifukwa funso loti mafuta abwino ndi ati palibe angaliyankhe asanadziwe chitsulo. Chitsulo ndi chomwe chimasankha mafuta, inu mumangotsatira.

Ndifotokoze kaye zomwe zimachitika mkati mwa chitsulomo kuti zonse zimveke. Mukatenthetsa 1084 yanuyo kufika madigiri 815 Celsius kapena cha pomwepo, kaboni yense amasungunukira mkati mwa chitsulo, chimakhala mu mkhalidwe womwe amati austenite. Chikamazizira pang'onopang'ono kaboni uja amapeza mpata wotuluka nkukakhala mmizeremizere, chimasanduka pearlite, ndiye chitsulo chofewa chomwe fayilo imadya bwinobwino. Koma chikazizira mwachangu kaboni amapanikizidwa pomwe alipo asanathawe, ndiye chimasanduka martensite, kulimba komwe mukukufunako ndi kumeneku. Malo oopsa ali cha pa madigiri 550, apa ndi pomwe pearlite imapangika msanga kwambiri, ndipo chitsulo chilichonse chili ndi nthawi yake yomwe chimakupatsani kuti mudutse pamenepa. Zitsulo zina monga 1095 ndi W2 zimakupatsani sekondi imodzi yokha mwinanso osakwana. 1084 imakupatsani kampata kochulukirapo pang'ono chifukwa ili ndi manganese wambiri, pakati pa 0.6 ndi 0.9 peresenti pomwe 1095 ili ndi 0.3 mpaka 0.5. 5160 ili ndi chromium ndiye imadikira masekondi angapo, O1 ndiye yodekha kwambiri, imalimba ngakhale mmafuta aulesi.

Mbali ina yomwe anthu saiganizira ndi yakumapeto. Mukadutsa malo oopsa aja simukufunanso liwiro ayi. Martensite imayamba kupangika chitsulo chikatsika cha mmadigiri 200 ndi kanthu, ndipo ikamapangika chitsulo chimafufuma pang'ono. Kokuthwa nkopyapyala ndiye kumayamba kufufuma msana usanayambe, mbali ziwirizi zimakokana, zikakokana mwadzidzidzi ndi pomwe mumamva kaphokoso kaja kakuti ting mpeni uli mkati, mukautulutsa mupeza mng'alu. Madzi vuto lake ndi limenelo, amathamanga kumwamba nkuthamangabe mpaka pansi. Mafuta abwino amathamanga koyambirira nkudekha kumapeto. Ndiye madziwo muwaiwale kaye, anthu amaviikamo inde koma amataya mipeni yambiri asanazolowere.

Za kutenthetsa mafuta, funso lanu ndi labwino ndipo limasokoneza ambiri. Taganizani, chitsulo chili pa 815, mafuta akakhala pa 20 kapena pa 50 kusiyanako nkochepa kwambiri kwa chitsulocho. Chomwe chimasintha kwambiri ndi kulemera kwa mafutawo. Ozizira amakhala onanda, sayenda, omwe akhudza mpeni amatentha nkungokhala pomwepo. Ofunda amakhala opepuka, otentha amachoka msanga ena nkubwera, ndiye amachotsa moto mwachangu kuposa ozizira. Palinso nkhani ya nthunzi, mpeni ukangolowa umazunguliridwa ndi nthunzi ya mafuta ndipo nthunziyo imatchinga moto kuti usatuluke, ikaphwasuka mafuta amayamba kuwira pa chitsulo penipeni ndipo apa ndi pomwe kuzizira kumathamanga kwambiri, kenako kuwira kukatha kumangotsala kuzizira kwapang'onopang'ono. Mafuta opangidwira quench amathiramo mankhwala oti nthunzi ija iphwasuke msanga. Canola mumutenthetse afike madigiri 50 mpaka 55. Njira yosavuta nkuwotcha chidutswa cha chitsulo chachabe nkuchiponyamo, kutakasa, kenako kuyeza ndi themometa. Parks 50 yekha safuna zimenezo, ndi wopepuka kale, amagwira ntchito mmene alili ndipo asapitirire madigiri 50.

Tsono pa zitsulo zanu. 1084 ya 3mm ndi chitsulo chabwino kwa woyamba, mu canola wofunda imalimba ndithu makamaka kokuthwa komwe nkopyapyala. Sindikunamizani kuti canola ndi wofanana ndi Parks 50 ayi, ndi wochedwerapo, ndipo chitsulo chomwecho chikakhala cha 6mm mudzaona kuti msana sunalimbe bwino. Koma pa 3mm yambani naye. Sipuling'iyo nthawi zambiri imakhala 5160 kapena china cha mtundu womwewo, imeneyo canola amaikwanira bwinobwino, mukafuna ogula ndiye Parks AAA kapena Houghto-Quench G, omwe ndi apakatikati. Imafuna moto wokwererapo pang'ono, cha mma 830 mpaka 845. Ndiye inde, mipeni iwiriyo ilowe mmafuta amodzi. Chenjerani nayo sipuling'i yakale, yagwira ntchito zaka zambiri ikupindika ndiye ina imakhala ndi timing'alu tosaoneka, ikasweka musathamangire kunena mafuta.

Mafayilo ndi nkhani ina. Abwino amakhala ndi kaboni wambiri ngati W1 kapena 1095, ndiye amafuna mafuta othamanga, Parks 50 kapena Houghto-Quench K. Ena ndi chitsulo chofewa chomwe anangochilimbitsa pamwamba pokha, amenewo olo muwaviike mu chani sadzalimba mukasema. Asungeni kaye.

Zoti oyilo wakuda amawonjezera kaboni si zoona. Kuti kaboni alowe mu chitsulo pamafunika maola chitsulo chili chofiira, osati masekondi ochepa omwe chimakhala mmafuta. Kuda komwe kumatsala pamwamba ndi mafuta opserera basi.

Madala_Nyundo

Zomwe anena a Chipala nzomveka koma ine ndiikepo mawu anga monga munthu yemwe ndakulira pa nyundo. Oyilo wakutha ndaviikamo nkhwangwa, matchizulo ndi mipeni ya sipuling'i kwa zaka zambiri ndipo zimadula mpaka lero. Ndiye osamuopseza mwanayu ngati popanda mafuta a dzina palibe chomwe angapange.

Chomwe ndaona ine nchoti oyamba ambiri amalakwitsa moto osati mafuta. Mwana wanga, moto wako ndi wamakala, ndiye tamvera. Usaviike masana padzuwa, maso amanama, chitsulo chimaoneka chakuda pomwe chapsa kale kupitirira. Dikira madzulo kapena utchinge pakhale kamdima. Ika paipi yachitsulo mmakalamo itenthe, mpeni uziulowetsa mupaipimo kuti moto ugwire mofanana, ndipo uyambe ndi kuchigwiriro komwe nkokhuthala, nsonga ibwere pomaliza chifukwa imapsa msanga. Uzikhala ndi maginito pafupi, uzikhudzitsa. Maginito akasiya kugwira ndiye kuti wafika madigiri 770, koma pamenepo sipanakwane, ubwezere pamoto chifiirire pang'ono kuposa pamenepo. Ukayang'anitsitsa mumdima uona timithunzi takuda tikuyendayenda mkati mwa kufiirako, kuchokera kopyapyala kupita kokhuthala, timithunzito tikatha mpeni wonse nkukhala mtundu umodzi ndiye nthawi yakwana. Ena amawaza mchere pang'ono pa mpeni, mchere umasungunuka pa 801 ndiye ukangoyenderera amadziwa kuti afika. Ukapitiriza mpaka chikasu ndiye waononga, mkati mumakhala tokhakhala ndipo mpeniwo udzathyoka olo uviike mmafuta abwino chotani.

Wa sipuling'iwo poti wachita kusula, uutenthetse kaye ufiire nkuusiya uzizire pamphepo mpaka ude, katatu, ulendo uliwonse moto wocheperapo, ndi pomwe uviike. Nyundo imasiya chitsulo chili chokokana mkati. Ndipo kuchokera pamoto kufika mmafuta pasakhale kuyenda, chitini chikhale pambali pompo.

NaZitsulo

Madala, za moto mwanenazo ndikuvomereza zonse, za timithunzizo ndiye ambiri sazidziwa. Koma pa oyilo wakutha mundikhululukire, sindingamulangize munthu woyamba. Zimakuyenderani chifukwa mumasula sipuling'i, ndipo a Chipala anena kale kuti chitsulo chimenecho nchodekha, chimalimba ngakhale mafuta akhale ochedwa. Mchimweneyu ali ndi 1084, akaiviika mu oyilo wa injini yemwe ndi wolemera akhoza kupeza kokuthwa kwalimba mwa apo ndi apo, pena fayilo ikuterera pena ikudya, ndipo sadzadziwa ngati walakwitsa moto kapena mafuta. Kwa wophunzira chimenecho nchoipa kwambiri, amafunika chinthu chomwe chimachita chimodzimodzi nthawi zonse kuti akalakwitsa adziwe pomwe walakwitsa. Oyilo wakutha palibe amadziwa zomwe zilimo, lero wachokera mu injini iyi mawa ina, muli tizitsulo toperepeseka, mankhwala omwe amathiramo kufakitale, nthawi zina petulo kapena dizilo yemwe wadontheramo, nthawi zina madzi. Petuloyo amapangitsa kuti ayake msanga. Ndipo utsi wake mumaupuma nkhope ili pamwamba pa chitini, mu oyilo wakutha muli zinthu zomwe zimadziwika kuti zimayambitsa khansa. Mapapo ndi anu omwewo moyo wonse, ine nkhani imeneyi imandikhudza ndipo sindiitenga mopepuka. ATF, oyilo wa mu giyabokosi, ndi wopepukirapo koma utsi wake nawonso si wopuma.

Achimwene munafunsa za kuchuluka, palibe wakuyankhani. Kachitini kamodzi ayi. Malita 4 ndiye poyambira pa mpeni wamba, mukakhala ndi ochuluka bola. Mafuta ochepa amatentha nthawi yomweyo, sachotsanso moto ndipo amayaka. Chotengera chikhale chachitsulo, osati pulasitiki olo pang'ono, mpeni wamoto ukangokhudza mbali umaboola ndiye mafuta oyaka amayenderera pansi. Chikhale chakuya koti mpeni wonse umire ndi kutsala malo pansi, paipi yaikulu yowotcherera pa chitsulo chophwatalala kuti isagwe ndi yabwino, musadzaze mpaka kukamwa. Chivindikiro chachitsulo chikhale pafupi ndi dzanja.

Moto umabuka kawirikawiri pomwe mbali ina ya chitsulo chofiira yatsala pamwamba pa mafuta, chifukwa imayatsa utsi womwe ukukwera. Ndiye mizani mbali yonse yofiira kamodzinkamodzi, musazengereze pakati. Malawi akabuka musadzidzimuke nkusolola mpeni, ukatuluka uli wamoto ndi mafuta ndiye umayaka kwambiri, ingoumizani ndipo nthawi zambiri amazima okha. Akapitirira vindikirani. Madzi musathire pa mafuta oyaka zivute zitani, amaphulika nkumwaza moto ponseponse. Mchenga kapena chozimitsira moto cha ufa chikhale pafupi. Mupangire panja kapena podutsa mphepo, magolovesi achikopa, magalasi, zovala za thonje osati za nayiloni zomwe zimasungunukira pakhungu, ndipo chopanira chikhale chachitali kuti dzanja lisakhale pamwamba pa chitini.

Poviika lowetsani mowongoka, nsonga patsogolo, kenako muziyendetsa mmwamba ndi pansi kapena kutsogolo ndi kumbuyo ngati mukudula mafutawo, kuti nthunzi ichoke. Osaupukusa chammbali, mbali imodzi imazizira kuposa inzake ndiye umapindika. Komanso musanaviike onani kokuthwa, musanole mpaka kuthwa, pasiyeni pokhuthala pafupifupi 1mm, ndipo mizere yakuya ya galayinda muichotse ndi sandipepa chifukwa mng'alu umayambira mmenemo.

Wongoyamba_kusula

Eee zikomo kwambiri nonse, a Chipala za mafuta ofunda zandilowa tsopano. Madala za paipi ndi maginito ndichita momwemo, achemwali oyilo wakuthayo ndamusiya, ndipeza chotengera chachitsulo ndi chivindikiro chake.

Ndili ndi ena pang'ono. Ndikamawerenga za mafuta ogulawa ndikuona akulemba kuti 7 mpaka 9 sekondi, ena 11 sekondi, ena 28 sekondi, kodi ndiye nthawi yomwe mpeni ukhale mmafutamo? Nanga canola akasowa, mafuta a mpendadzuwa kapena a soya angagwire? Ndipo ndikatulutsa ndidziwa bwanji kuti walimbadi, fayilo yokha ikukwanira? Pomaliza mafutawo ndikamaliza ndingasunge nkudzagwiritsanso ntchito kapena ndi a ulendo umodzi?

Chipala_Moto

Manambala amenewo si nthawi yoviika ayi achimwene, ndi muyeso wa liwiro la mafuta. Amatenga kampira ka nickel, amakatenthetsa kufika madigiri 885, nkukaponya mmafuta omwe akuyesawo, pambali pali maginito. Nickel ikatentha sigwidwa ndi maginito, imayambanso kugwidwa ikatsika cha pa 354, ndiye amawerenga masekondi kuchokera pomwe kalowa mpaka pomwe maginito akakoka. Nambala yochepa ndiye mafuta othamanga. Parks 50 ali pa 7 mpaka 9, ndi wa 1095, W1, W2 ndi 1084. Omwe ali cha pa 11 ngati Parks AAA ndi a 5160, 80CrV2, 52100, O1 ndi zina zotero. A 28 ndi aulesi, a zitsulo zodekha zokhazokha, pa 1084 musayerekeze. Ndipo mukadzafuna kugula amodzi okha, ine ndimati gulani othamanga, chifukwa chitsulo chodekha mmafuta othamanga chimalimbabe, kungoti mpata wopindika kapena kusweka umakulirapo, pomwe chitsulo chofuna liwiro mmafuta aulesi sichilimba basi.

Nthawi yokhala mmafuta, werengani masekondi 10 mpaka 15 mukuyendetsa. Mukautulutsa uzifuka utsi koma mafuta asayake, ukhale wonyowa. Pamenepo umakhala usanamalize kulimba, muli ndi kanthawi kochepa koti ngati wapindika muuwongole ndi magolovesi kapena kuupana pakati pa zitsulo ziwiri zophwatalala. Ukangozizira woti nkuugwira ndi manja musayesenso kuuwongola, uthyoka. Ngati simukufuna zonsezo usiyeni mmafuta mpaka uzizire, palibe cholakwika.

Mpendadzuwa, soya, mtedza, onsewa amagwira mofananako, canola amatchulidwa kwambiri chifukwa ndi wopepuka ndipo sayaka msanga. Chachikulu akhale atsopano. Okazingira kale ayi, amakhala onanda ndipo muli madzi ndi zinyenyeswa, madziwo amathetheka mpeni ukalowa. Mafuta ouma omwe amafunika kusungunula nawonso ayi. Kusunga mutha kusunga, asefeni ndi kansalu akazizira, vindikirani bwino madzi asalowe, ikani pamthunzi. Kungoti ophikira amavunda, pakapita miyezi amayamba kununkha ndi kumata, liwiro lake limatsika, zikatero sinthani. Apa ndi pomwe ogula aja amapambana, amakhala zaka osasintha khalidwe.

Tsono za kuyesa, ili ndiye langizo lomwe ndikufuna mulitenge kuposa ena onse. Musayambe ndi mpeni. Dulani tizidutswa pa chitsulo chomwecho chomwe chatsala, kutalika ngati chala, kukhuthala kofanana ndi mpeni, kamodzi ka 1084, kena ka sipuling'i, kena ka fayilo. Titenthetseni nkuviika ndendende mmene mudzachitire ndi mpeni. Kakazizira yendetsani fayilo yatsopano pakona, ngati kalimba fayilo imangoterera nkumalira mokweza, ngati sikanalimbe imaluma nkumatulutsa tiufa. Koma apa pali msampha, moto wamakala wokhala ndi mpweya wambiri umadya kaboni wa pamwamba, ndiye pamakhala kakhungu kofewa, fayilo imaluma koyamba inu nkuganiza kuti zakanika pomwe pansi pake palimba. Palani kaye pang'ono ndi galayinda kenako muyesenso. Komanso fayilo imaterera ngakhale pa chitsulo chomwe chalimba mosakwanira, ndiye payokha sikukwana.

Mukatero kapaneni pa vayisi, valani magalasi, kaphimbeni ndi kansalu nkukamenya ndi nyundo. Kolimba kamathyoka kamodzi osapindika. Kakapindika kaye ndiye kuti mkati simunalimbe, mwina moto unachepa kapena mafuta achedwa. Ndiye yang'anani pothyokapo pakuwala. Pakakhala potuwa, posalala, osaoneka timibulu, moto unali bwino. Pakakhala tonyezimira tokhakhala ngati mchenga ndiye munapsereza. Kachidutswa kamodzi kamakuuzani za moto ndi za mafuta nthawi imodzi, ndipo simunataye mpeni.

Chomaliza, mpeni ukangochoka mmafuta nkuzizira usagone osapanga temper, ndiko kuutenthetsanso pang'ono kuti usamasweke. 1084 ikangolimba imakhala cha pa 65 HRC, womwe ndi muyeso wa kulimba kwa chitsulo, ukagwa pansi umasweka, ndipo nthawi zina umang'aluka wokha uli patebulo. Tsukani mafuta, ikani mu uvuni pa madigiri 200 maola awiri, tulutsani uzizire, bwezeraninso maola awiri. Kulimba kumatsika kufika cha mma 60 HRC, pomwe ndi pabwino pa mpeni. Uvuni zambiri zakukhitchini zimanama madigiri ndiye ikanimo themometa ina, ndipo muiyatse ifunde musanayambe nkomwe kuviika.

Madala_Nyundo

Za tizidutswazo ndiye zenizeni, ifenso tinkathyola kaye tisanaviike ntchito ya munthu. Mayi mwanena za utsi, ndamva, pamenepo sinditsutsa. Mwana wanga ngati uvuni palibe, pala mpeni uwale, uike msana pa chitsulo chamoto uziyang'ana mtundu ukuyenda kupita kokuthwa, ukafika mtundu wa udzu wouma chotsa uziziritse. Kokuthwa kukafika buluu wafewetsa kwambiri.

Wongoyamba_kusula

Ndabweranso akuluakulu. Ndayesa tizidutswa mu canola wa madigiri 55, malita 5 mu paipi, madzulo monga ananenera madala, ndipo timithunzi tija ndationadi ndi maso anga tikuthawira kokhuthala. Ka 1084 fayilo inaluma pang'ono koyamba, nditapala inayamba kuterera, pa vayisi kanathyoka kamodzi ndipo mkati ndi motuwa mosalala. Ka sipuling'i chimodzimodzi. Ka fayilo ndiye kandidabwitsa, mmakona mwalimba koma pakati pophwatalala fayilo ikudya, ndipo pomenya kanayamba kapindika kaye kenako nkuthyoka. Kameneka nkokhuthala 5mm. Ndiye kuti fayiloyo ndi yachabe kapena ndi mafuta?

Chipala_Moto

Fayiloyo si yachabe, ikanakhala yofewa mkati mwachibadwa mmakona simukanalimba mutapala. Ndi mafuta, makona amazizira msanga chifukwa mafuta amawagwira mbali ziwiri, pakati pa 5mm canola wachedwa kudutsitsa pa 550 paja. Iwiri inayo pitirizani, viikani mipeni yanu momwemo osasintha kanthu, muyambe ndi wa 1084, ndipo muyezenso mafuta musanaviike wachiwiri chifukwa amakhala atakwera, akapitirira 60 dikirani atsike.

Mafayilowo muli ndi njira ziwiri. Mutha kusema mpeni wake upyapyale, msana 3mm kapena kucheperapo, mupangenso kachidutswa kopyapyala chomwecho muone ngati canola akwanitse, nthawi zambiri kokuthwa kumalimba msana nkutsala wofewerapo, pa kampeni kakang'ono zimenezo sizoipa. Apo ayi dikirani mudzapeze Parks 50 kapena ofanana naye. Moto wake usapitirire 800, zitsulo za kaboni wambiri zimakhakhala msanga mkati zikapsa. Ena akuuzani zoviika masekondi atatu mmadzi amchere kenako mmafuta, zimagwira koma zimaswa mipeni yambiri, muzidzayesa pa tizidutswa kaye.